Madontho a pa Miyendo ya Askat

Amayi, pepani kuti ndikukutopetsani ndi zolemba zanga pamene ntchito yakuchulukirani kale. Bambo ali chigonere, nkhosa zikuswa, ndipo maso anu sakonda zilembo zing'onozing'ono. Ndiyesetsa kulemba zazikulu. Munanena nokha pa geti la chipatala kuti pa foni ndimalankhula ngati mbewa ya m'thumba la ufa, simumva kanthu, choncho ndizilemba zonse zimene adokotala akunena za Askat, kenako kopeli ndidzapatse a Toktobai oyendetsa galimoto akubweretsereni. Sukulu ndinalekeza panjira, mukudziwa. Pomwe ndalakwitsa mundikhululukire. Ndine mtengwa wanu, Jarkyn.

Lolemba, 11 Malichi

Mutangokwera galimoto kubwerera kumudzi, Askat analira mpaka mawu anasasa. Ankafuna kukuthamangirani koma mapazi otupawo sanalole. Ndinamunyamula. Walemera. Ndinamunyamula komaliza ali ndi zaka ziwiri, pano zakwana zisanu.

Namwino wolandira odwala anafunsa kuti mayi wa mwanayu ndani. Ndisanatsegule pakamwa Askat anayankha yekha: “Amayi anga apita kukaona nkhosa. Awa ndi alamu anga.”

Namwino anandiyang'ana, anayang'ananso mwana. “Woyamba kubadwa eti? Munamupereka kwa agogo ake?”

Ndinavomera ndi mutu.

“Kwathunso n'chimodzimodzi,” anatero. “Koma kuno amasaina ndi amene anamva kuwawa kwa pobereka. Gwirani cholembera.”

Askat sanamve, ankayang'ana kukhomo. Ndinasaina.

Atiika m'chipinda cha mabedi anayi, ife pafupi ndi zenera. Ine ndizigona kumiyendo kwake.

Adokotala ndi amayi aatali ovala magalasi, a Sydykova. Anayang'ana madontho aja kuyambira m'mapazi mpaka m'matako, anadina limodzi ndi tambula yagalasi, silinazimirire. Akuti si nsikidzi, si chikuku, ndipo si diso loipa la munthu. Akuti timitsempha ta magazi ta pansi pa khungu tatupa ndipo tikudontha. Nthawi zina zimabwera mwana akangochira chimfine. Za pakhungu sizoopsa. Choopsa n'chakuti timitsempha totere tilinso m'matumbo ndi mu impso. Ndinawapempha abwereze kuti ndilembe bwino. Anabwereza osakwiya.

Lachiwiri, 12 Malichi

Malamulo ake ndi awa. Asaime, asayende, ngakhale kupita kuchimbudzi, ndimamubweretsera poto. Akaima magazi amatsikira m'miyendo, madontho n'kuchuluka. Jakisoni wa pamimba m'mawa, masana ndi madzulo, woti magazi asaundane. Mkodzo woyamba wa m'mawa ndiziuika m'kabotolo n'kukasiya pa tebulo la pakhonde.

Chakudya ndi phala la mpunga lamadzi, mbatata yophika yopanda mchere, buledi wadzulo ndi tiyi wopepuka. Aletsa mafuta, mchere, uchi, jamu, mazira ndi mkaka.

Askat analawa phala n'kulavula. “Amayi amaikamo batala. Inu simudziwa kuphika, alamu.” Ndinamuuza kuti aphika ndi a kukhitchini. Anati, “Nawonso sadziwa.”

Pa bedi loyandikana nafe pali Zuura, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu wodwala impso, nkhope yotupa ngati mtanda wa buledi. Mayi ake ndi a Gulbara a ku Osh, amagulitsa nsalu mumsika ndipo mawu awo ndi amumsika momwemo. Atandiona tsiku lonse ndili chete anati, “Iwe mtengwa, lilime uli nalo, kapena unalisiya kwa apongozi ngati chikole?” Ndinaseka n'kubisa nkhope mumpango. Anandithirira tiyi wawo.

Lachitatu, 13 Malichi

M'mimba. Akupindika ngati kamwana ka nkhosa kobadwira pachipale. Wasanza kawiri. Amuika diripi. Akuitana inu.

Lachinayi, 14 Malichi

Anamujambula m'mimba ndi makina, atamupaka mafuta ozizira. Adokotala akuti matumbo atupa koma sanapindane, opaleshoni siyofunika. Awonjezera mapiritsi oyera ochepetsa kutupa, amwe m'mawa atadya. Akuti mapiritsiwa amabweretsa njala ndi ukali, tisadabwe. Mkodzo uli bwino.

Masana namwino anaima pakhomo n'kuitana, “Amake Askat! Amake Askat!” Ine ndinkapinda thaulo, sindinatembenuke. Mumtima ndinkati akuitana inu, ndipo inu kuno kulibe. A Gulbara anandiponyera silipasi. “Akuitana iwe, gonthi! Kapena pali Askat wina pansi pa bedi?” Ndinadzuka mothamanga mpaka ndinagunda poto. Mwayi munalibe kanthu.

Chikhalire palibe amene anandiitanapo choncho. Ku ntchito yosoka amanditcha Jarkyn wa mabatani.

Mwana wanu wa ku Rasha, mwamuna wanga, anaimba foni. Akuti abwana ake samulola kubwera mpaka nyumba imene akumanga ithe. Askat analankhula naye: “Achimwene, andibaya pamimba, sindinalire kwambiri.” Analira kwambiri, koma sindinamutsutse.

Loweruka, 16 Malichi

Lero m'mimba mwatsika. Ndinamupukuta thupi lonse ndi thaulo lofunda. Madontho akale asanduka abulawuni ngati dzimbiri, atsopano ndi ochepa, kuseri kwa mawondo.

Pa chigongono chake pali chipsera chimene sindichidziwa. Ndinafunsa, anati tonde wa aneba anu a Sagyn anamugwetsera pa waya chaka chatha, inu munamumanga ndi mpango wanu wobiriwira. Anafotokoza monyadira. Ine ndinkadziwa thupi limeneli lonse, ngakhale kakhwinya ka kuseri kwa khutu, koma linali thupi lina, laling'ono.

Pa zenera pathu mapiri akuoneka kuseri kwa nyumba zosanja, oyera ndi chipale chofewa mpaka pakati. Ndinakumbuka chilimwe chimene anabadwa, tili kumsipu wa kumapiri m'hema wathu wa ubweya. Munkandidzutsa kukakama mahatchi kusanatenthe, inu n'kutsala mukugwedeza kabedi kake ndi phazi, manja ali pa ubweya. Ndikabwera ndi ndowa ndinkamva muli kumuimbira, mawu okhaokha opanda tanthauzo, ndipo ndinkaima panja pang'ono kuti musaleke. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, palibe anandiphunzitsa kusambitsa khanda. Munandiphunzitsa ndinu, madzi a mchere pang'ono, dzanja pansi pa khosi. Nditadwala bere munandifunditsa chikhoti chanu n'kundimwetsa msuzi ndi supuni ngati mwana. Sindinakuthokozeni bwino nthawi imeneyo chifukwa mtengwa salankhula zambiri. Ndikuthokoza pano.

Lamlungu, 17 Malichi

Adokotala kulibe lero. Jakisoni monga mwa masiku onse. Pamimba pake pachita mabala a buluu, namwino akusowa pobaya.

Alendo anadzaza pakhonde. A Gulbara analandira mpunga wa nyama ndi karoti kuchokera kwa mchemwali wawo, anakadyera kubafa kuti ana asamve fungo. Anandikokera komweko. Tinadya choimirira pafupi ndi sinki ngati akuba.

Ali pakati pa kudya anati, “Nanenso woyamba wanga anatengedwa ndi apongozi. Mnyamata. Pano ndi bambo wandevu, amayendetsa basi.”

Ndinafunsa ngati anadziwa.

“Anadziwa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anamuuza ndi anzake pa mpira. Sanakwiye. Ndi mwana waulemu. Akabwera kwathu amavula nsapato, amakhala m'mphepete mwa mkeka, amafunsa za umoyo wanga, tiyi akatha amanyamuka. Ngati munthu wobwera kudzawerenga mita ya magetsi.” Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. “Anyezi ameneyu ngwaukali. Idya, mng'ono wanga, wauma ngati chingwe choyanikira.”

Mu mpungamo munalibe anyezi wosapsa.

Lolemba, 18 Malichi

Phukusi lanu lafika ndi a Toktobai. Zikomo. Masokosi aubweya amukwana ndipo wavala. Utsi wa mkungudza sanandilole kufukiza m'chipinda, koma kanthambiko ndakaika pansi pa pilo.

Tsopano ndilembe zovuta, ndipo ndilemba mmene zinachitikira.

Ndinamasula nsalu pa bedi, Askat akuona. Munali mafuta a mchira wa nkhosa, uchi, ndi kurut wanu, timibulu tija ta mkaka wouma tamchere timene amayenda nato m'thumba. Munalinso mawu amene munatuma a Toktobai: adye mafuta m'mawa uliwonse kuti magazi abwerere m'malo mwake. Askat anafuula, “Za Amayi! Za Amayi!” n'kutambasula manja onse awiri. Chilowereni muno ndinali ndisanamuone akusekerera.

Amayi, chilowereni m'nyumba mwanu sindinabwezepo mbale yochokera m'manja mwanu, ngakhale nditakhuta. Ndinaima ndi kurut m'dzanja nthawi yaitali. Ndinaganiza zomupatsa kamodzi kokha anyambite. Kenako ndinayang'ana nkhope ya Zuura yotupa ija.

Ndinamanganso nsalu. Ndinati, “Adokotala aletsa. Udzadya ukachira.”

“Si zanu! Anditumizira ine Amayi anga!”

“Ndikudziwa. Koma ayi.”

Anandimenya ndi chibakera pachifuwa, anandikoka mpango mpaka unagwa. Anati akakuuzani, mudzandithamangitsa pakhomo, ndipo achimwene ake adzakwatira mkazi wina wabwino. Ndinamugwira miyendo kuti asadumphe pa bedi. Ndinagwira mpaka anatopa.

A Gulbara anatola mpango wanga n'kundipatsa. Anati, “Usalire. Mlamu ntchito yake ndi kupereka maswiti. Kukaniza ndi ntchito ya wina.”

Lachiwiri, 19 Malichi

Sakundilankhula. Akafuna poto amauza Zuura, Zuura n'kuuza ine. Phala wadya lonse, njala ya mapiritsi ija, koma supuni wagwira yekha atayang'ana kukhoma.

Mkodzo uli bwino. Madontho atsopano palibe.

Lachitatu, 20 Malichi

Munaimba foni n'kufunsa ngati akudya mafuta. Ndinangoti akudya bwino. Sindinaname, koma sindinayankhe zimene munafunsa, ndipo zandivutitsa tsiku lonse. Ndiye ndikulemba apa. Sanadye. Ndinafunsanso adokotala, anati mafuta ndi mchere pa nthawi ino zingalemetse impso. Uchi ndi kurut ndasunga m'kabati. Mafuta akanaonongeka, ndinapatsa a Gulbara. Akuti ndikuuzeni kuti nkhosa zanu n'zonona kuposa amuna awo.

Madzulo Askat anandilankhula. Anati, “Alamu, kandeni pamsana.” Ndinakanda.

Lachinayi, 21 Malichi

Nooruz, chikondwerero chathu cha chaka chatsopano. Anamwino avala mipango yamaluwa, kunja kukumveka nyimbo. Agogo ena a m'chipinda chachitatu anabweretsa sumolok, phala lotsekemera la tirigu womera, m'botolo lalikulu, akugawira aliyense supuni imodzi. Ana odwala sanaloledwe. Ine ndinalandira yanga pakhonde.

Kukoma kwa tirigu womera uja kunandifikitsa pabwalo panu. Mphika waukulu, akazi a mudzi wonse akusinthana mthiko, timiyala tikugogoda pansi pa mphika, inu mukukalipira aliyense wotakasa mwaulesi. Chaka chimene ndikunena ndi chija Askat anayamba kuima. Tsiku lotsatira, monga mwa mwambo wa mwana woyamba kuyenda, munamumanga miyendo ndi chingwe cha ubweya woyera ndi wakuda, ana a m'mudzi anathamanga mpikisano kuchokera ku mlatho, wopambana anadula chingwe ndi mpeni wa Bambo. Anthu anati ayende, ayende! Ine ndinali kumbuyo ndi ketulo, ndikuthirira alendo tiyi. Anayenda mapazi ake oyamba n'kugwera m'chikhoti chanu, anthu onse anaombera m'manja. Nanenso ndinaika ketulo pansi n'kuomba. Zinali zoyenera. Nyumba yanu inali itakhala chete chichokereni ana anu, ndipo woyamba ndi wa agogo, aliyense amadziwa. Sabata yomweyo ndinamuletsa kuyamwa n'kukwera galimoto ya a Toktobai kubwera kuno ku Bishkek kukasoka. Malaya anga ananyowa mkaka njira yonse, ndinaphimba ndi chikwama.

Sindikudandaula, Amayi. Ndangokumbuka chifukwa cha supuni ija.

Nditabwerera m'chipinda ndinapeza Askat akuyang'ana a Gulbara akuluka tsitsi la Zuura. Anandifunsa, “Alamu, inu muli ndi mwana?”

A Gulbara anasiya kuluka.

Ndinati, “Ndili naye.”

“Ali kuti?”

“Akudwala.”

Anaganiza pang'ono. “Ndiye mukutani kuno? Pitani kwa iyeyo, akulira.”

Ndinati ndipita Askat akachira. Anati chabwino, koma ndisachedwe. Sindinanene zoposa apo. Si ine woyenera kumuuza, ndipo sindidzamuuza popanda inu.

Loweruka, 23 Malichi

Mkodzo wa m'mawa wafiira ngati tiyi wakuda. Ndinathamanga nawo m'manja osadikira tebulo la pakhonde. Amutenga magazi. Zikope zatupa pang'ono.

Lamlungu, 24 Malichi

Chimodzimodzi. Ndikuyeza madzi amene wamwa ndi amene watulutsa, ndi kapu ya mizere. Sindikutha kulemba.

Lolemba, 25 Malichi

Adokotala anandiitanira mu ofesi yawo n'kundikhazika pampando. Ndilemba mawu awo mmene ndawagwirira.

Matenda afika ku impso. Impso ili ngati sefa. Timitsempha take tikatupa, sefayo imadutsitsa magazi ndi chakudya cha thupi chimene sichiyenera kutuluka. Kwa Askat zadutsa, koma osati zambiri. Magazi ake akuthamanga bwino, impso zikugwira ntchito. Ana ambiri amachira okha pang'onopang'ono. Ochepa zimawabwerera mwakachetechete, mwana akusewera bwinobwino osamva kuwawa, ndipo zimadziwika ndi kuyeza mkodzo basi. Awonjezera mapiritsi oyera aja ndi ena oteteza m'mimba.

Ndinafunsa ngati ndinalakwitsa penapake. Anati ayi. Ndinafunsa ngati tikanabwera naye msanga zikanasintha. Anati ayi, ndipo ndikuuzeninso inu kuti ayi. Ndiye musadziimbe mlandu chifukwa cha masiku aja munkamupaka mafuta kunyumba.

Nditatuluka ndinakaima pa masitepe. A Gulbara anandipeza. Sananene nthabwala. Anangoima nane.

Lachitatu, 27 Malichi

Mkodzo wayamba kuyera, tsopano uli ngati tiyi wothira madzi ambiri. Masaya ake atupa ndi mapiritsi, akuoneka ngati Bambo pa chithunzi chawo cha usilikali.

Wayamba kulamula chipinda chonse. Wauza Zuura mayina a nkhosa zanu ndi amake a nkhosa iliyonse. A Gulbara anati, “Mkamwini wanga ndi ameneyu. Chuma chake ndachimva ndi makutu anga.” Askat anati sangakwatire Zuura chifukwa sadziwa kukwera bulu. Zuura anati iyenso sangakwatiwe ndi munthu wokodzera mu poto. Anakwiyirana mpaka nthawi ya phala.

Ndamusokera kahatchi ka nsanza za kuntchito, maso a mabatani. Akuti miyendo ndi yaifupi, ndi bulu. Akugona naye.

Loweruka, 30 Malichi

Zuura asamutsidwira ku chipatala china cha impso, kumene kuli makina. A Gulbara analongedza mofulumira, akukalipira aliyense. Pakhomo anandikumbatira mpaka nthiti zinawawa. Anandinong'oneza, “Ine ndinadikira kuti wina andipatse. Palibe amapatsa munthu chimene sanapemphe, wamva, mbewa iwe?” Kenako anakuwa kwa Askat, “Mkamwini, usadye mchere!” n'kupita.

Bedi lawo alivula nsalu. M'chipinda mwangoti zii.

Lachiwiri, 2 Epulo

Lero amulola kuima. Ndinamugwira m'khwapa, miyendo inkanjenjemera ngati ya mwana wa hatchi. Anayenda kuchokera pa bedi kufika pa zenera atagwira chala changa. Anaona mitengo ya m'bwalo yayamba maluwa, anafunsa ngati kwanu udzu wamera. Ndinati kumeneko chipale chimachedwa kusungunuka. Madzulo ndinayang'ana miyendo: timadontho titatu pa akakolo, adokotala akuti n'zoyembekezeka.

Jakisoni wa pamimba asiya. Mapiritsi azichepetsa pang'onopang'ono, osasiya kamodzi. Andilembera mmene ndizichepetsera.

Lachinayi, 4 Epulo

Amayi, apa ndi pomaliza, chifukwa a Toktobai anyamuka mawa m'mawa ndipo ndikufuna kopeli lipite nawo. Werengani mofatsa, ndipo ngati mwatopa mupume kaye.

Adokotala akuti Askat atuluka Lolemba. Mkodzo ukadali ndi timagazi tosaoneka ndi maso, koma tikuchepa. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ayenera kuyezedwa mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi, poyamba sabata iliyonse, kenako mwezi uliwonse. Asazizidwe, asanyowe mapazi, asathamange kwambiri, asadye zamchere. Akatupa maso kapena mkodzo ukada, afike kuchipatala tsiku lomwelo.

Anandifunsa kuti akakhala kuti. Ndinati kwa amayi ake, kumudzi. Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anati, “Ndakuonani milungu itatu, mayi. Mukafuna, ndilemba kalata yoti mwanayu saloledwa kuchoka mu mzinda muno, ndidinda chidindo. Palibe mpongozi amene amatsutsana ndi chidindo.”

Ndinafunsa ngati n'zoona kuti saloledwa.

Anati, “Kukhala pafupi n'kwabwino. Koma kunena zoona, mkodzo angathe kuyeza ku At-Bashy, tauni ya kufupi ndi kumudziko, ngati pali womutengera sabata iliyonse ndipo msewu uli wotseguka.”

Ndinawathokoza n'kuwauza kuti asalembe. Anati ndine wopusa, koma ananena mokoma.

Ndikanatha kukutumizirani kalata imeneyo, inu mukanalira n'kuvomera, osadziwa kanthu. Koma ndikanadya nanu bwanji pa nsalu imodzi yodyerapo? Ndiye zoona zake ndi zimenezi: angathe kubwerera kwa inu. Mungathe kumusamala, munamusamala zaka zonsezi ndipo wakula wamphamvu, wolankhula, wodziwa nkhosa iliyonse ndi make. Amakufunani tsiku lililonse. Akamva galimoto panja amadzutsa mutu.

Komabe ndikupempha. Sakupempha ndi adokotala, ndikupempha ndine. Mundilole akhale ndi ine miyezi isanu ndi umodzi imeneyi. Chipinda changa n'chaching'ono koma n'chofunda, chipatala chili pafupi, ndipo abwana a kosoka avomera kuti ndizitengera mabatani kunyumba. Ndidzamuphikira zopanda mchere ngakhale azinditukwana. Chilimwe chikafika, adokotala akalola, ndidzabwera naye ndekha kumsipu, ndidzakama mahatchi ngati kale inu muli naye. Sindikumulanda. Azikutchanibe Amayi, ine azinditcha alamu, sindidzasintha zimenezo. Ndikungofuna kuti akadzagwa n'kuchita chipsera china, ndidzakhale ndikudziwa kumene chinachokera.

Mwana wanu wa ku Rasha ndamuuza. Anati nkhani imeneyi ndi ya inu, iye sangaiweruze. Ndi zoona. Mukakana sindidzanenanso, ndidzamuveka bwino, ndidzalemba za mapiritsi ake ndi zilembo zazikulu, n'kumukweza ndekha m'galimoto.

Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu chimene mtengwa sapempha, ndiponso kuti nyumba yanu idzakhala chete, Bambo ali chigonere. Ndaganiza zimenezo kwambiri, n'chifukwa chake zilembo zapotoka pa tsamba lino.

A Toktobai abweranso Lolemba m'mawa. Chonde ndiyankheni msanga tsikulo lisanafike, pa foni kapena kudzera mwa aliyense wobwera kuno, ngakhale ndi mawu amodzi okha, kuti ndidziwe ngati ndimuchapire chikhoti cha paulendo kapena ndikabwereke kabedi kwa aneba.